Dzina pa Khosi la Diresi

Atate anga anali telala. Kwa zaka zoposa 30 anakhala pakhonde la sitolo ina ku Down Shops, m'tauni ya Chipata, napalasa makina ao kuyambira m'mamawa kufikira dzuwa litapendeka. Anthu ambiri a ku Kapata ndi a m'midzi yozungulira anabvala zosoka zao: ana analowa nazo m'kalasi, akwati analowa nazo m'chalichi, ndipo ena anatsikira nazo kumanda. Koma mukadafuna cobvala cimodzi cokha colembedwa dzina lao, mukadafufuza Chipata yense osacipeza. Nkhani imene ndifuna kukusimbirani, inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu, ndi ya ulendo wa ku mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamcere, umene unanditsegula maso pa cinthu cimeneci. Pakuti ndinakula naco pakhomo, koma maso anga anali m'mwamba.

Ndiyenera kuulula poyamba kuti ndinali kucita manyazi ndi nchito ya atate. Pamene ndinali ku sekondale, anzanga akafuna kudzera ku Down Shops poweruka, ine ndinali kupeka cifukwa colambalalira, kuopa kuti angandione ndirikupatsa moni munthu wa tepi m'khosi ndi coko kukhutu. Aphunzitsi akafunsa nchito za makolo athu, ena anali kuchula ukalaliki, unamwino ndi upolisi mokweza mau, koma ine ndinali kuyankhira pansi ngati wopalamula mlandu. Ndalama za sukulu, nsapato za kumapazi kwanga ndi ndiwo za m'mbale yanga, zonsezi zinali kutuluka pa nsonga ya singano yomweyo. Koma mwana wokhuta safunsa kumene ufa wacokera.

Kunena zoona, masiku amenewo utelala unali utatsika ulemu. Atate anali kusimba za kale, pamene munthu wofuna malaya anali kugula nsalu m'sitolo, natuluka nayo pakhonde kuti telala amuyese. Koma m'zaka za m'ma 1990 misika inadzaza ndi zobvala zakale zocokera kumaiko akunja, zimene timacha salaula kapena kaunjika, ndipo malaya osokasoka anayamba kuchipa koposa nsalu yosadula. Mafakitale a nsalu a m'dziko mwathu anafooka, ndipo ngakhale ija ya Mulungushi ku Kabwe inaimitsa makina ace m'caka ca 2007. Cotero munthu amene anadziwa kudula jekete la mphunzitsi wamkulu anasanduka wocepetsa mabuluku a salaula, woika zipi ndi wosoka zigamba.

Ndinatsiriza giredi 12 m'caka ca 2012. Zaka ziwiri ndinalemba makalata ofunsira nchito ndi malo m'makoleji, ndipo mayankho anali ocepa, onse okana. Tsiku lina madzulo atate anandiitana, nati, "Mwananga, makina ndiri nao awiri, ndipo maso anga ayamba kucita nkhungu. Khala pa enawo ndikuphunzitse kudula, poyembekeza mayankho a makalata ako." Mau amene ndinayankha ndiwakumbukira ndi cisoni kufikira lero. Ndinati, "Atate, kodi munandilipirira sukulu zaka 12 kuti ndidzasoke zigamba pakhonde la eni?" Iwo sananene kanthu. Patapita mlungu umodzi ndinaona kuti pangodya ya nyumba, pamene panali kukhala makina aciwiri a Singer, pali mbee. Anali atawagulitsa. Anaika ndalamazo m'manja mwanga, nati, "Popeza makina wawakana, tenga mtengo wace. Amai ako aang'ono alikupita ku Dar es Salaam kukaoda zitenje. Pita nao, ukayambe malonda ako."

Tinanyamuka m'mwezi wa November, caka ca 2014. Tinakwera basi ya ku Lusaka, tinaoloka Luangwa pa mlatho, ndipo kucokera ku Lusaka tinapitirira ku Kapiri Mposhi, kumene kuyambira njanji ya TAZARA. Za njanji imeneyi ndinaphunzira m'kalasi: kuti utali wace ndi makilomita 1,860, kuti inamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975 ndi cithandizo ca dziko la China, ndi kuti Pulezidenti Kaunda ndi Mwalimu Nyerere anaifuna kuti mkuwa wathu upeze njira ya kunyanja yosadzera m'maiko a kumwera, amene anali m'manja mwa azungu ocepa. Koma buku silinanene za azimai amalonda amene anadzaza cipinda cathu, yense ndi ndalama zace zomangirira m'ciuno pansi pa citenje. Tinapitirira Mpika ndi Kasama, tinadinditsa mapasipoti pa malire a Nakonde ndi Tunduma, tinakwera mapiri a ku Mbeya, ndipo titagona kawiri m'sitimamo tinaona mbidzi ndi nyamalikiti m'nkhalango ya Selous, dziko lirikutsika ndi kutentha kulikukula.

Dar es Salaam ndi mzinda wa pa gombe la Nyanja ya India. Likulu la boma la Tanzania ndi Dodoma, koma doko ndi malonda ziri kumeneku. Kutentha kwace nkosiyana ndi kwathu kwa mu October, pakuti mpweya wace ngwacinyontho, ndipo thukuta siliuma pathupi. Tinapeza malo ogona ku Kariakoo, dera lalikulu la malonda. Dzinali linacokera ku mau a Cingerezi akuti Carrier Corps, ndilo gulu la amtengatenga a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amene anali ndi msasa pamenepo; ndipo ndinaona kuti dzinalo liyenerabe malowo, pakuti munthu aliyense anali ndi mtolo, wina pamutu, wina pangolo, wina panjinga. Masiku atatu tinayenda m'masitolo a Kariakoo ndi a mu mseu wa Uhuru, m'mene zitenje zinaunjikana kufikira kudenga. Amai aang'ono anandiphunzitsa kufikisa nsalu ndi zala kuti ndidziwe ngati kulimba kwace nkwa thonje kapena nkwa phala limene lidzacoka pocapa, kuyang'ana kuseri ngati utoto unalowerera, ndi kuwerenga malembo a m'mphepete onena kumene inapangidwa. Zina zinali za m'Tanzania momwemo, m'mene fakitale ya Urafiki inayamba kuomba nsalu m'caka ca 1968, koma zambiri zinali zocokera ku China ndi ku India.

Kumeneko ndinadziwanso nsalu imene akazi a kugombe aikonda koposa, yochedwa kanga. Ndi ya thonje, yopepuka kuposa citenje, ndipo igulitsidwa ziwiriziwiri zolumikizana. Mkazi adula pakati, imodzi abvala m'ciuno, inzace afunda kumutu kapena aberekera mwana. Dzinali ndi la mbalame ija ife timati nkhanga, ndipo anthu amati nsalu zoyamba, zimene zinayamba kubvalidwa ku Zanzibar ndi ku Mombasa m'zaka za m'ma 1800, zinali ndi mawanga onga a mbalameyo. Kanga iri ndi zigawo zitatu. M'mphepete monse amati pindo. Pakati amati mji, mau ofanana ndi athu akuti mudzi. Ndipo camunsi pali mzere wa mau a Ciswahili, mwambi, cenjezo kapena dalitso, umene amati jina, ndilo dzina. Mkazi wa ku Dar es Salaam sagula kanga asanawerenge dzina lace, pakuti kupatsa mnansi nsalu ya mau olasa ndiko kuputa ndeu. Ine ndinaseka pakumva kuti nsalu ingakhale ndi dzina ngati munthu.

Nthawi imeneyo sitima yobwerera kwathu inali kunyamuka kawiri pa mlungu, ndipo tinatsala ndi masiku awiri ongokhala. Ine ndinali nditaoda zitenje ndi theka la ndalama zanga. Theka lina ndinasunga, poyembekeza katundu watsopano amene mai wa m'sitolo ina analonjeza. Mai ameneyu anali ndi mng'ono wace, mtsikana wa msinkhu wanga wodziwa Cingerezi, amene anali kusoka kwa mai wina ku Msasani. Pakumva kuti ndine mwana wa telala, anandigwira dzanja ngati mbale wace, nati ndipite naye ndikaone kumene agwira nchito. Aka kanali koyamba kuona munthu akondwera ndi cinthu cimene ine ndinali kubisa.

M'mawa mwace tinakwera daladala, ndiwo mabasi aang'ono a kumeneko. Msasani ndi mtunda wolowa m'nyanja ngati cala, m'mene muli Oyster Bay ndi Masaki, malo a nyumba za akazembe a maiko ndi za anthu acuma. Kumeneko ndinaona nyanja yamcere koyamba, madzi opanda tsidya, ndi ngalawa za asodzi zirikuyenda ndi mphepo. Madzi amene m'mawa anali atathawa, nasiya mcenga ndi matope, masana anabwerera okha popanda mvula.

Timasitolo ta zobvala ta kumeneko amacha butiki, ndipo nkosiyana kutali ndi masitolo a Kariakoo. Ku Kariakoo wogulitsa akukokera m'kati ndi mkono, napfuula mtengo. Kuno citseko ca galasi cinali cotseka, m'kati munali mozizira ndi makina a mphepo, ndipo munali zii ngati m'chalichi pakati pa mlungu. Zobvala sizinaunjikidwe, zinapacikidwa motalikirana, zocepa zokha, ndipo panalibe ziwiri zofanana. Munali madiresi a citenje, masiketi a kanga odulidwa mwanzeru kuti pindo igwere pa mpendero, majekete a amuna, zikwama ndi nsapato zacikopa zokongoletsedwa ndi mikanda. Pamene ndinalowa, mwini butiki anali kuyesa mkwati wina patsogolo pa kalirole wamkulu. Mkwatiyo sanabwere ndi cithunzi coti amsokere cotere. Anangonena za tsiku la ukwati ndi malo ace, ndipo mai uja ndiye anali kumuuza cimene cidzamkhala bwino, namuuzanso kuti adzabwere katatu kudzayesa. Ndipo m'kati mwa cobvala ciri conse, pakhosi, panali kansalu kakang'ono kolembedwa dzina la mai ameneyo.

Diresi limodzi linandikoka maso. Linali la citenje ca buluu ca maluwa acikasu, nsalu yomweyo imene ndinaigwira dzulo lace ku Kariakoo. Nditatembenuza kapepala ka mtengo ndinangoti kakasi. Nsalu yace inali ya zitenje ziwiri, koma mtengo wace unali wa zitenje 15. Ndinanong'oneza mnzanga uja kuti uku ndi kuba kwa masanasana. Koma nyumba yacete iribe cinsinsi, ndipo mwini wace anamva.

Mai uja sanapse mtima. Mkwati atacoka anati, "Mng'ono wanga, ndamva kuti ndiwe mwana wa fundi. Tiye kuseri, ukaone kumene zapita zitenje 13 zotsalazo." Fundi m'Ciswahili ndiye mmisiri. Kuseri kunali cipinda ca makina anai ndi tebulo lalitali. Anandionetsa buku la zojambula, m'mene cobvala ciri conse cinayamba kubadwa ndi pensulo. Anandionetsa mapepala olimba odulidwa monga zidutswa za diresi, opacikidwa pa misomali monga mwa misinkhu ya anthu, kuti cimene cakoma lero cithe kusokedwanso mawa cosasintha. Diresi latsopano ayamba kulisoka ndi nsalu yoyera yacabe, nalibveka munthu, nakonza pamene pakoka kapena palendewera, ndipo akatha zimenezi ndi pamene sizasi ikhudza citenje. Citenje comwe ayamba acicapa, kuti cifupike cisanadulidwe, cingadzafupikire pathupi pa wogula. Podula ayang'anitsitsa kuti theka la duwa la kumanzere likumane ndi theka linzace pa msoko, ngakhale kutero kutayitsa nsalu yambiri. M'kati saikamo nailoni, cifukwa ca kutentha kwa kugombe, koma nsalu ya thonje. Pomaliza anatsegula buku lina, la masamu okhaokha: mtengo wa nsalu, wa ulusi ndi wa zipi, malipiro a osoka, lendi ya nyumba, magetsi, ndi miyezi imene diresi lingakhale lisanapeze mwini. "Masamu a kusukulu ndinawapezera nchito muno," anatero.

Mai ameneyu sanali yekha. M'Ciswahili munthu wotere amuti mbunifu wa mavazi, ndiko kuti wolingalira zobvala, ndipo ku Dar es Salaam alipo ambiri. M'caka ca 2008 Mustafa Hassanali, amene anaphunzira udokotala koma anachuka ndi zobvala, anayambitsa mu mzindawu cionetsero cochedwa Swahili Fashion Week, kuti amisiri a m'Tanzania ndi a maiko ena azionetsa zosoka zao pamaso pa ogula ndi olemba nyuzi. Ku Zanzibar, kutsidya kwa madzi, Doreen Mashika anadziwika ndi zobvala zosokedwa ndi kanga, zimene zinafika ndi kumaiko akutali. Ndinazizwa pakumva kuti munthu wophunzira udokotala angatole sizasi osacita manyazi, pamene ine, ndi satifiketi yanga ya giredi 12, ndinayesa makina a atate cinthu condicepetsa.

Komatu ndikadakunyengani ndikadati zonse za kumeneko nzokoma. Pobwerera, mnzanga uja anandiuza malipiro ace, ndipo ndinapeza kuti thukuta lace la mwezi wathunthu likadangokwanira diresi limodzi la m'butiki imene anali kusokera. Iye mwini anabvala bulauzi la mitumba, ndiyo salaula ya kumeneko. Ogula m'timasitolo totere ndi ocepa: alendo a kumaiko akutali, akazi a m'maofesi akulu ndi akwati, anthu wamba a mu mzindawo abvala mitumba ndi kanga, monga ife tibvala salaula ndi citenje. Mai uja nayenso anali ndi dandaulo lace. Anati akatulutsa diresi latsopano, mwezi usanathe wina alijambula ndi foni, napita ndi cithunzico kwa telala wa m'mbali mwa mseu kuti amsokere lotere ndi mtengo wocepa. Ndinakhala cete, podziwa kuti zithunzi zotere zinali kufikanso pakhonde la atate.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinawerenga ndalama zanga kasanu. M'mawa, amai aang'ono ali kokamangitsa mitolo, ndinabwerera ndekha ku Msasani, ndipo ndinagula diresi la buluu lija. Linandikwana ngati anayesera pathupi panga, koma sindinaligule kuti ndikachene nalo. Ndinaligula monga mwana wa sukulu agula buku. Kufotokoza zimenezi kwa amai aang'ono kunali kosatheka. Anakhala pa mtolo, nagwira m'mutu, nati, "Iwe mwana, makina a atate ako wawasandutsa diresi limodzi? Zitenje 15 zikadabala zinzace. Ici cidzabala ciani? Nanga ine ndikawauza ciani alamu anga?" Sanandilankhulenso kufikira titapitirira Kasama. Koma ine sindinaope mkwiyo wao monga ndinaopa kukhala cete kwa atate, ndipo manthawo anali kukula pa siteshoni iri yonse.

Sindinafune kuti amve kwa ena. Titafika, m'mawa mwace ndinapita pakhonde paja pamene ndinali kulambalala zaka zonsezi, ndinagwada, ndinapereka diresi ndi manja awiri, ndi kunena mtengo wace. Atate sanayang'ane maluwa. Analitembenuza, kum'kati kukhala kunja, monga acita telala aliyense, nayendetsa cala pa msoko uli wonse kuyambira paphewa kufikira pa mpendero, nalisendeza pafupi ndi maso. Panapita nthawi yaitali. Pomaliza anati, "Akulu amati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkuyu uwu ndaung'amba, nyerere mulibe." Anapeza malo amodzi, pamunsi pa zipi, pamene ulusi unakoka pang'ono, nati, "Apa pokha ndikadamuonetsa." Anatinso, "Muno mulibe msoko umene sindiudziwa. Koma wosoka uyu anampatsa masiku. Ine andibweretsera nsalu Lacisanu madzulo, ukwati uli Loweruka, ndi kukangana nane pa mtengo."

Pamenepo cala cao cinakhudza kansalu ka pakhosi. Malembo anali aang'ono, ndipo anandifunsa cimene palembedwa. Ndinati ndi dzina la mai amene analingalira diresilo. "Nanga la amene anasoka liri pati?" Ndinalibe yankho, ndinangokumbukira mnzanga uja ndi bulauzi lace la mitumba. Atate anapinda diresi bwinobwino, nati, "Zaka 30 ndabveka anthu a m'tauni muno, ndipo akafunsidwa amangoti anasoka ndi telala wa pakhonde." Misozi inalengeza m'maso mwanga, pakuti mwa obisa dzinalo woyamba ndinali ine, mwana wao. Ndinati, "Atate, ndiphunzitseni kudula." Anandiyang'ana, naseka pang'ono, nati, "Makina ako unadya kale. Tizisinthana pa awa."

Diresi lija ndinaliphwasula msoko ndi msoko, ndi kujambula zidutswa zace pa mapepala a matumba a simenti. Ndinalisokanso katatu, ndipo kawiri atate analibweza. Sitinasoke lofanana nalo kuti tigulitse, pakuti ndinakumbukira dandaulo la mwini wace. Tinatengako njira yokha ya kagwiridwe ka nchito. Atate anadziwa zimene buku siliphunzitsa: kudulira nkhalamba ya msana wopindika, kusiyira malo mkazi wapakati, ndi kuzindikira ndi zala mbali imene nsalu idzatambasuka. Ine ndinabweretsa zimene iwo analibe mwai wa kuziphunzira: kujambula, ndi buku lolembamo miyeso ya munthu aliyense, tsiku lodzatenga, ndi mtengo woonkhetsedwa bwino, theka lace lolipiriratu. Tinayamba kukana nsalu ya Lacisanu ya ukwati wa Loweruka. Ena anaipidwa nacoka, ndipo madiresi anga atatu oyamba anakhala miyezi osagulidwa. Masiku amenewo ndiwo zinali kucokera pa zipi ndi zigamba zomwe zija ndinazinyoza. Patapita zaka ziwiri tinagula makina ena, ndipo patapita zinai tinacoka pakhonde ndi kulowa m'kacipinda ka citseko caketu. Sitinalemere. Salaula ikadzazabe msika, ndipo buluku lofuna kucepetsa sitilibweza.

Koma tinapangitsa tinsalu ta dzina la atate, limene liri langanso. Koyamba anakasoka okha ndi manja, ine nditawalowetsera ulusi pa singano. Ndipo pamene tinalemba mtsikana wina kuti atithandize, atate anaika lamulo, kuti pa cobvala ciri conse cimene wasoka aziika cilembo coyamba ca dzina lace ndi ulusi wofiira m'kati mwa mpendero. Amai aang'ono anandikhululukira patapita caka, pamene anabwera ndi nsalu ya ukwati wa mwana wao, ukwati ukali kutali ndi milungu isanu; analipira mtengo wonse, atayamba akangana nane monga mwa cizolowezi ca amalonda.

Anzanga, sindikuti nonse mukhale atelala, kapena kuti nchito ya mu ofesi njoipa. Dziko lifuna akalaliki, aphunzitsi ndi anamwino. Koma ambiri a inu mudzalemba makalata monga ndinalemba ine, ndipo mayankho adzacedwa. Pamene mulikudikira, yang'anani nchito imene iri pakhomo panu, kaya ndi kusoka, kupala matabwa, kuumba kapena kusula, ndipo mudzifunse cimene masamu anu, kulemba kwanu ndi kujambula kwanu zingaonjezepo. Amisiri a ku Dar es Salaam sanapose atate pa singano. Anawaposa pa kulingalira cobvala cisanadulidwe, pa kuwerengera mtengo wa nthawi yao, ndi pa kuima poyera ndi dzina lao, ndipo zimenezi mwana wa sukulu angathe kuzibweretsa kwa mkulu wodziwa nchito. Ine ndinayenda makilomita oposa 2,600 kuti ndizindikire zimenezi pa gombe la eni, ndipo ulendowo unadya makina a atate. Inu mungathe kuzizindikira osagulitsa kanthu.

Tsopano atate sapalasanso makina, pakuti nkhungu ya m'maso inakula. Akhala pampando pafupi ndi citseko, ndipo cobvala ciri conse cidzera m'manja mwao cisanapite kwa mwini wace. Akapeza msoko wokhota, acibweza osanena zambiri. Kumbuyo kwao pakhoma papacikidwa diresi la buluu la maluwa acikasu, ndipo pakhosi pace pakali dzina la mai wa ku Msasani.